Mapiritsi a Agogo m'Chitini cha Mabatani

Ndikakumbukira agogo a Juwawo, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera, losakanikirana ndi utsi wa makala a m'simbi ndi kafungo ka nsalu yatsopano ikatenthedwa. Ankasoka pakhonde la golosale ina pa Limbuli, chakumapeto kwa msika, pamene ankadutsira anthu a njinga ochokera kumalire atamanga matumba a chimanga ndi nandolo pakaliyala, ndipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chopondera cha makina awo chinkalira osapuma, moti amayi ogulitsa nthochi ndi zinanazi pafupi nawo ankati phokosolo likangoleka amadziwa kuti nthawi yolongedza yakwana.

Agogowa anali bambo wa amayi anga. Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki atasenza mutu wa makinawo, wokulunga m'bulangete, amayi anga akadali mtsikana akuwatsata pambuyo. Akazi awo anamwalira m'njira, ndipo za imfa imeneyo sankakamba. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosakonda kuthandizidwa. Chichewa chawo chinkakokera ku Chilomwe, ndipo ukawapatsira madzi akumwa ankathokoza m'Chipwitikizi, obirigado, osakweza n'komwe mutu pa msoko. Ine dzina langa ndi Lusiya, koma iwo ankangonditchula kuti mkazanga, monga achitira agogo aamuna kwa zidzukulu zawo, ndipo ankandiopseza kuti ndikapitiriza kupsereza ndiwo adzandisiya n'kukakwatira ku Chinakanaka.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 tinayamba kuona kuti agogo akugunda zinthu. Ankapunthwa pa mpando umene unali pambali pawo, ankagwetsa kapu ndi chigongono, ndipo munthu akawalonjera kuchokera kumanzere ankatembenuka thupi lonse ngati khosi lauma. Iwo ankati vuto ndi ifeyo oika zinthu paliponse. Ulusi ankalowetsa okha pa singano, kamodzi n'kamodzi, ndiye ndani akanalimba mtima kuwauza kuti maso awo akudwala? Zinaululika tsiku limene wakabaza anawagunda akuwoloka msewu. Anangosupuka bondo, koma wakabazayo anabwera mpaka kunyumba kudzapepesa, nauza amayi kuti madalawo analowa mumsewu maso ali tong'o, njinga ili pambali pawo penipeni, ngati mumsewumo munalibe kanthu.

M'mawa mwake amayi anajomba kuminda ya tiyi kumene ankathyola, n'kupita nawo kuchipatala cha pa boma. Bambo anali kutali kuntchito, mlongo wanga Tomasi anali akadali kumsana, ndipo ine ananditenga chifukwa ndinali wodziwa kuwerenga bwino pakhomo pathu. Tinakwera minibasi mpaka pa Chitakale, agogo atavala jekete lawo la kutchalitchi.

Dokotala wa maso anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga. Anawadonthezera mankhwala m'maso, anawaunika ndi katochi, kenaka anakhudza diso lililonse ndi kachipangizo kakang'ono n'kulemba papepala. Atalemba anayezanso kachiwiri, ndipo apo m'pamene ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino, chifukwa odwala amene analowa ife tisanalowe sanawayeze kawiri.

"Bambo, diso lakumanzereli linasiya liti kuona?" anafunsa.

"Likuona," anatero agogo.

Dokotalayo anawatseka diso lakumanja ndi kachikatoni n'kuimika zala zitatu patsogolo pawo. Ndinaona dzanja la agogo likufinya bondo losupuka lija.

"Kuli mdima," anatero pomaliza, mawu ali pansi.

Dokotalayo anatifotokozera kuti diso limapanga madzi ake mkati tsiku ndi tsiku, ndipo madziwo ali ndi kangalande kotulukira. Kwa agogo kangalandeko kanatsekeka, madzi anachuluka n'kumapanikiza mtsempha wa kuseri kwa diso, ndipo mtsemphawo unkafa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, popanda kupweteka kulikonse. Anati matendawa amatchedwa gulokoma. Diso lakumanzere linali litatha. Lakumanja linali litayamba kale kutha m'mbali, ndipo madzi ake anali atakwera moopsa.

"Ndiye mundipatse mankhwala liyambirenso kuona," anatero agogo.

"Chimene chapita sichibwerera, bambo. Tikulimbana ndi kusunga chimene chatsala."

Anatipatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera ndi kapepala ka pulasitiki ka mapiritsi oyera, kojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Dzina lake ndinaliwerenga katatu kuti lituluke bwino: asetazolamaidi. Anati mapiritsiwa amachepetsa madzi amene diso limapanga, ndipo ndi amene adzagwire disolo kufikira tsiku la opaleshoni ku Blantyre, limene linali patali ndi milungu isanu. Anachenjezanso kuti mwina zala zizichita dzanzi ndipo azitaya madzi pafupipafupi, tisadabwe, koma chikavuta tibwere tidzanene. Agogo anangogwedeza mutu. Ndikukhulupirira kuti mawu amene anawalowa tsiku limenelo anali amodzi okha, opaleshoni.

Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphuka kwambiri, ndipo amayi ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, zala zitada ndi utomoni wa masamba. Choncho anandiitana, nandipatsa kapepala ka mapiritsi kaja m'manja.

"Limodzi m'mawa usanapite kusukulu, lina madzulo asanatseke makina. Odonthezera ndizichita ndekha. Diso latsala limodzi, Lusiya. Usaiwale ngakhale tsiku limodzi."

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinanyadira ntchitoyo. Kapepalako ndinkasunga m'thumba la yunifomu ndi kupanikiza ndi chipini.

Patapita masiku atatu agogo anayamba kudandaula za nyerere. Ankati zikuyenda m'nsonga za zala, m'zala zakuphazi ndi kuzungulira milomo, ndipo ankakutumula manja ngati munthu amene wagwira chitedze. Ankadzuka pa makina kangapo pa ola kupita kuchimbudzi cha pamsika, akuyenda mochita manyazi pamaso pa amayi ogulitsa nthochi aja. Nyemba za kalongonda zimene ankazikonda kuposa nyama anayamba kuzisiya m'mbale. Tsiku lina eni golosale anawapatsa chakumwa cha m'botolo, iwo anangolawa kamodzi n'kulavula, nati chikumveka ngati wanyambita msomali wadzimbiri. Masana ankaodzera pa mpando, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Mapiritsiwo anawapatsa dzina lawolawo. Akandiona ndikubwera ndi kapu ya madzi ankati, "Wabwera nato tinyerere tako, mkazanga."

Zonsezi akanapirira pakanapanda diresi la Anesi.

Eni golosale ija anali mayi Felesita. Ndi iwo amene anawapatsa agogo malo pakhonde pamene anafika kuno opanda kanthu, ena onse atawakana. Nthawi imeneyo mwana wawo Anesi anali wakhanda, ndipo agogo anamusokera kamalaya kake koyamba kuchokera ku zidutswa za nsalu, nalonjeza kuti la ukwati adzasokanso ndi iwo. Tsopano Anesi anali atakula, ukwati wake unali pafupi, ndipo nsalu yoyera, yoterera, yonyezimira inali itafika kale, yokulungidwa m'pepala kuopa fumbi. Nsalu yotere imafuna zala zomva, chifukwa imathawa pansi pa singano.

Ndinalipo tsiku limene anadzibaya. Ankalumikiza chifuwa cha diresilo ndi mapini, ndipo ndinaona kadontho kofiira pansaluyo, kenaka kena, kenaka mzere wonse pamene chala chawo chinkadutsa. Iwo ankapitiriza osadziwa.

"Agogo, magazi."

Anayang'ana chala chawo, anayang'ana nsalu, ndipo nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro. Anasula chidutswa chonsecho, anachipinda n'kuchibisa pansi pa nsalu zina mayi Felesita asanaone, n'kudula china pa nsalu yotsala, imene inali yongokwanira.

Kuyambira mawa lake, ndikawapatsa piritsi ankati, "Ika apo, ndimwa ndikamaliza msoko uwu." Ndikabwerako ndinkapeza piritsi palibe, kapu ili theka. Posakhalitsa nyerere zinatha. Anayambiranso kudya, kuimba mluzu, ngakhale kuseka ndi a Saidi, telala mnzawo wa khonde loyandikana, amene ankapikisana naye zaka zonse. Ine ndinasangalala, ndikumati thupi lazolowera mankhwala.

Loweruka anandituma kuti ndifunefune batani la malaya a sukulu m'chitini chawo cha mabatani, chitini chakale cha mkaka wa ufa chimene chinkakhala pansi pa makina. Ndinakhuthulira mabataniwo m'chikhatho, ndipo pakati pa mabatani oyera ang'onoang'ono panali anayi opanda zibowo. Ndinawatembenuza ndi chala. Anali mapiritsi aja.

Chopondera chinaleka kulira. Agogo sanandiyang'ane.

"Bweza momwemo," anatero.

"Agogo, adokotala anati..."

"Adokotala sasoka. Bwera kuno." Anandikhazika pa mpando pambali pawo, nalankhula motsitsa kuti mayi Felesita asamve mkatimo. "Mkazanga, diso ndi langa, zala ndi zanga. Ndikamwa tinyerere tija zala zimafa. Telala wopanda zala ndi chiyani? Odonthezera aja ndikulandira, sindikukana. Masabata awiri okha, diresi lithe, ndiye ndimwa onse ukafuna."

"Nanga diso likatha?"

"Ukuliona likutha? Taona." Anatenga singano, analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, n'kundionetsa. "Amako ali ndi mavuto okwana. Usawawonjezere. Mayi wa golosaleyu anandipatsa khonde ndili ndi bulangete limodzi. Ndimusiyire mwana wake avale diresi losokedwa ndi Saidi?"

Kenaka ananena chimene sindinkayembekezera. Anati anamva za munthu wina wa kwawo amene anapita ku opaleshoni ya maso akuona pang'ono n'kubwerako osaona konse. Anati ngati zimenezo zidzawachitikire iwonso, akufuna mdimawo udzawapeze atamaliza lonjezo lawo. Ndinazindikira kuti munthu amene anawoloka nkhondo wapansi akuchita mantha, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mapiritsi aja.

Ndinabweza mabatani m'chitini. Sindinalonjeze kanthu, komanso sindinakane.

Masiku khumi ndi awiri otsatira ndimawakumbukira kuposa chaka chonsecho. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa piritsi m'kapepala, kuliika pa makina, ndipo agogo ankaliponya m'chitini ine ndikuona. Madzulo amayi akafika ankayang'ana kapepalako, kuona kuti mapiritsi akuchepa, n'kundisisita pamutu. "Mwana uyu ndi wodalirika," ankauza anansi. M'kalasi sindinkamva kanthu. Ndinkatseka diso limodzi ndi chikhatho, lina kulitsinzina pang'ono, kuyesa kuona mmene agogo akuonera, mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati nanenso ndadwala maso. Ndikaweruka ndinkathamanga kupita pakhonde, ndipo ndikamva chopondera chikulira ndili patali ndinkapuma pang'ono.

Ndinayamba kuwayesa mobisa. Ndinkaima chakumanja kwawo, kutambasula dzanja n'kumalisuntha pang'onopang'ono kufikira atandiona, kenaka n'kuika chizindikiro cha choko pa simenti pamene ndinaima. Tsiku lina ndinkaona ngati chizindikirocho chasuntha, tsiku lina ngati ayi, ndipo ndinalibe munthu womufunsa. Kawiri ndinatsegula pakamwa kuti ndiuze amayi, koma ulendo woyamba anali atatopa mpaka kugona chokhala Tomasi ali kubere, ndipo wachiwiri agogo anali pomwepo akundiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija. Ndinkadziuza kuti kwatsala masiku asanu ndi atatu, kwatsala asanu ndi limodzi. Ndinkapempheranso, koma sindinkadziwa choti ndipemphe, kuti diresi lithe msanga kapena kuti amayi atulukire okha.

Tsiku la khumi ndi chiwiri mvula inagwa m'mawa n'kukata masana, ndipo dzuwa linatuluka lowala kwambiri, phiri lalikulu la kwathuko likuoneka lonse mbee, mitsinje yoyera ikutsetsereka m'matanthwe ake, malata a msika akuthobwa m'maso. Ndinapeza agogo atawerama pa makina mphuno itatsala pang'ono kugunda singano, akusisita pachipumi ndi dzanja lina.

"Mkazanga, ndiwe? Kodi mvula ikubweranso? Kwada msanga lero."

Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe.

Ndinali nditawagulira nthochi. Ndinaima pa chizindikiro cha choko chija n'kuitambasula. Sanaione. Ndinasendera phazi limodzi, sanaione. Ndinasenderanso. Anaiona nditaifikitsa patsogolo pa nkhope yawo penipeni, ndipo anadzidzimuka. Pa diresi, zingwe zokongoletsa zimene ankasokerera m'khosi zinali zitapita mokhota, ndipo iwo sankadziwa.

Atadzuka kupita kukawonjezera makala m'simbi, ndinatenga chitini chija, ndinachibisa m'chitenje n'kuyamba kuthamanga. Ndinakadikira amayi pamphambano imene othyola tiyi ankatulukira akaweruka. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali chitini chili pamiyendo. Atatulukira ndi anzawo, dengu lili kumsana, anangondiona nkhope n'kuuza anzawowo kuti atsogole.

Ndinangowapatsa chitinicho. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, anayala nsonga ya chitenje, anakhuthula zonse, n'kuyamba kupatula mapiritsi pa mabatani limodzilimodzi. Kamulu ka mapiritsi kankakula, ndipo ine ndinkadikira mbama. Siinabwere.

"Unadziwa liti?" anafunsa.

"Loweruka lapitalo lija. Osati ili, linalo."

Anatseka maso. Atawatsegula anati, "Tiye kunyumba."

Tinapeza agogo atafika kale, atakhala pa mpando wawo pabwalo, dzuwa likulowa. Ankadziwa kuti chitini chasowa ndi kumene chapita. Amayi anatula dengu, anagwada patsogolo pawo monga mwa masiku onse, naika mapiritsiwo pa mphasa.

"Ababa," anatero, mawu osakwera, "amayi ndinawasiya m'njira, sindinathe kuchitapo kanthu. Inu ndili nanu pano, mankhwala ali m'manja, ndiye mukufuna ndizikutsogolerani ndi ndodo chifukwa cha diresi? Ndipo mwana uyu mwamusenzetsa katundu wotani? Masabata awiri akudya ngati wodwala, ine ndikumati ndi njoka zam'mimba."

Agogo anayang'ana kumene ndinaima, akusuntha mutu kufunafuna nkhope yanga.

"Lusiya," anatero, "ukabweze chitini changa pamene unachitenga."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa lenileni. Ndinapita kuseri kwa khitchini n'kulira nditatseka pakamwa ndi chitenje.

M'mawa mwake tinabwereranso kuchipatala. Dokotala uja anayeza, nayezanso, ndipo anati madzi akwera kuposa tsiku loyamba lija. Anawayesa ndi zala kuchokera m'mbali monga ndinkachitira ine ndi nthochi, ndipo anati mbali ina imene inkaona tsopano yapita. Sanakalipe. Anafunsa agogo chifukwa chimene anasiyira, ndipo agogo, amene sankafotokozera munthu zochita zawo, anatambasula manja awo pa tebulo n'kunena zonse, za nyerere, za magazi pansalu, za munthu wa kwawo uja.

"Mukanabwera kudzandiuza, bambo," anatero dokotalayo. "Nyererezo sizipha zala, zimatha mukadzasiya mankhwala. Tikanaona mochepetsera kuti muzitha kupirira. Mapiritsiwa si a moyo wonse, ndi ongokuwolotsani."

Anawamwetsa piritsi pomwepo, anasintha kamwedwe kake, anawauza kuti azimwa madzi ambiri ndi kudya nthochi, n'kulemba kalata yoti ku Blantyre awalandire msanga. Za opaleshoni anawauza zoona, kuti palibe amene angalonjeze, koma kukhala osapita ndiye mdima wotsimikizika. Tikutuluka dokotalayo anandigwira paphewa nati, "Wachita bwino kunena." Sananene kuti ndachedwa. Ine ndinkadziwa ndekha.

Madzulo a tsiku lomwelo agogo anapinda diresi lija, anaika pamwamba pake zingwe zotsala ndi kapepala ka miyezo, n'kuyenda masitepe khumi ofika pakhonde la a Saidi. Ndikuganiza kuti ulendo wochokera ku Mozambiki unali wapafupi kuposa umenewo. A Saidi, amene zaka zonse ankanyoza masokedwe a agogo, anaimirira n'kulandira ndi manja awiri, osanena nthabwala ina iliyonse. Mayi Felesita atamva nkhani yonse anakhala pansi pa thumba la mchere n'kugwira kumutu. "A Juwawo," anatero, "mukanachita khungu chifukwa cha mwana wanga, ine ndikanayenda bwanji pamsika pano?"

Masiku otsala asanapite ku Blantyre mapiritsi ankawamwetsa ndi amayi, ataimirira pomwepo mpaka ameze. Nyerere zinabweranso, ndipo agogo ankangokhala pabwalo manja ali pamaondo. Ine sankandilankhula kupatula kundituma. Opaleshoni inachitika kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, choncho tsiku la ukwatiwo iwo anali gone m'chipatala diso litamatidwa, amayi ali pambali pawo. Ine ndinatsala kwa mayi Felesita. Anthu ankavina, ine ndikungoyang'ana kumsewu, kuopa kuti minibasi iliyonse yoima itsitsa munthu wobweretsa uthenga woipa.

Anabwerako patatha sabata, atavala magalasi akuda, amayi atawagwira mkono. Mapiritsi anali atawasiyitsa, kunangotsala odonthezera. Ankaona, koma ankati akuona ngati munthu wosuzumira m'bango: chimene chili kutsogolo chokha, m'mbali monse mulibe.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, Anesi anabwera kwathu ndi amayi ake, analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala diresi lija ndi nsalu yakumutu yomwe. Anaima pabwalo pathu, nkhuku zikudutsa, nati, "Agogo, simunabwere ku ukwati, ndiye ukwati wabwera kwa inu." Agogo anavula magalasi. Popeza sankatha kuona diresi lonse nthawi imodzi, anayambira m'khosi n'kumatsitsa mutu pang'onopang'ono, phewa, mkono, chiuno, mpaka kumapazi. Kenaka anagwira mpendero ndi zala n'kuuyendetsa mozungulira. Anaima pamalo ena.

"Apa Saidi anathamanga," anatero.

Tonse tinaseka, koma iwo anapitiriza kugwira nsaluyo nthawi yaitali. Alendo atapita anandiitana kuti ndikhale patsogolo pawo, pamene akanatha kundiona bwino. Anandiyang'ana nkhope mbali ndi mbali monga anachitira ndi diresi lija.

"Wawonda, mkazanga," anatero. "Ndi ine ndakuwondetsa. Ukanamvera ine, bwenzi lero ndikukufunsa kuti diresi ndi lotani."

Sananenenso zambiri, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka imfa yawo. Anakhala zaka zina zisanu ndi zitatu akuona ndi kabowo kakang'ono kameneko. Zovala zatsopano anasiya kusoka, ankangoika zigamba ndi kusintha mazipi, ndipo pamsewu sankawoloka okha. Koma anaona Tomasi akuyamba sukulu, anandiona ine nditavala yunifomu ya kusekondale, ndipo mpaka tsiku lomaliza sanadyepo chakudya chimene sanachione m'mbale.

Masiku khumi ndi awiri aja ndinakula nawo. Nditakula ndinafunsapo dokotala wina kuti ndikananena tsiku loyamba, agogo akanatsala ndi kuona kochuluka bwanji. Anandiyankha kuti palibe angadziwe, ndipo kuti ndinali mwana. Zonse ziwirizo ndi zoona, koma sizinandichotsere funsolo. Dokotala yemweyo ndi amene anandifunsa ngati ndinayezetsapo maso anga, chifukwa matendawa amayenda m'magazi. Ndinali ndisanayezetsepo. Anandiyeza, nayezanso kachiwiri, ndipo ndinadziwa yankho asanatsegule pakamwa.

Kwa ine anapeza msanga, mtsempha usanawonongeke kwambiri. Ndimadonthezera mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo anandiuza kuti amodzi mwa iwo ndi a mtundu womwewo wa mapiritsi a agogo, kungoti awa amalowera m'diso. Amaluma pang'ono, ndipo pakapita mphindi zingapo kuwawa kwake kumatsikira kukhosi. Chilichonse chimene ndamva m'thupi ndimakanena kuchipatala, ngakhale chooneka chopusa. Amayi ndinapita nawo, maso awo ali bwino. Watsala ndi Tomasi, amene tsopano ndi bambo wa ana awiri ndipo amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu pakati pa Limbuli ndi kumalire. Ndamuchonderera chaka chathunthu. Amaseka n'kunena kuti iye amaona nambala ya galimoto ili kutali, ndiye akayezetse chiyani. Dzulo ndinamuimbira n'kumuuza kuti Lachiwiri m'mawa ndidzamudikira pa siteji ya Chitakale, ndipo akapanda kubwera ndikauza akazi ake ndi amayi zonse zimene dokotala ananena, tsiku lomwelo. Anati ndikumuopseza ngati mwana, n'kudula foni. Lachiwiri ndidzakhala pa sitejipo kuyambira minibasi yoyamba.